Kabati Yokhoma ya ku Sekondale

Chinali chaka cha 1955, ine ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, pamene ndinasocheretsa ana atatu maso anga ali chipenyere. Inu owerenga, mverani. Sindibwereza.

Ndinkakhala ku Mbamba Bay, kugula usipa ndi kugulitsa nsalu. Ndinachokera kutsidya la nyanja, ku Nyasaland, ndipo sukulu ndinalekeza Sitandade 4. Chingerezi ndinkachidziwa kuposa anzanga onse a pagombe, ndipo ndinkafuna aliyense adziwe zimenezo.

Anyamata atatu anamaliza Sitandade 8: mwana wanga Yohane, Petulo mwana wa malemu mkulu wanga, ndi Danieli mwana wa a Haule, msodzi woyandikana nane. Onse ankafuna kudzaphunzira zachipatala. Kumtunda kunali sekondale ziwiri zimene zikanawalandira. A Haule, amene ankanditchula Mzee, kutanthauza mkulu, anandiuza kuti, "Mzee, ife tidziwa bwato basi. Pitani mukatiyang'anire."

Ndinakwera mapiri pa lole. Sukulu yoyamba sinandisangalatse. Ana anandilonjera m'Chiswahili, malaya awo ali ndi madontho. M'chipinda cha sayansi munkanunkha, mabotolo ena ali ong'aluka. Ndinatuluka osafunsa kanthu.

Pa yachiwiri ana anaimirira pamodzi n'kundilonjera m'Chingerezi chosalala. Mphunzitsi wamkulu anandionetsa kabati yagalasi. Munali mabotolo, sikelo yaing'ono ndi makina oonera tizilombo, zonse zonyezimira, kiyi ali m'thumba mwake. Mumtima ndinati apa pali mwambo. Ine amene ndikaona ukonde wopanda posoka ndimadziwa kuti sunalowepo m'madzi! Sindinafunse n'komwe kuti omaliza pamenepo ali kuti. Ndinabwerera n'kulamula, ndipo onse atatu anapita kumeneko.

Patchuthi choyamba ndinafunsa Yohane kuti m'makina aja amaonamo chiyani. Anayang'ana pansi. "Bambo, kabati ija satsegula. Timajambula makinawo m'kope, n'kuloweza mayina a ziwalo zake."

Ndinamukalipira kuti mwana saweruza aphunzitsi. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndasankha molakwika. Ndikamayeza nsalu ndinkasokoneza mayadi. Nthawi yowasamutsa inalipo, inu owerenga. Chimene chinandimanga ndi kukaima pamaso pa a Haule n'kunena kuti ndinaona molakwika. Iwo akamadutsa ndi nkhafi paphewa ankafuula, "Mzee, madokotala athu akupsa?" Ine ndinkati akupsa. Mlamu wanga, mayi wa Petulo, anagulitsa mbuzi zake imodziimodzi kulipirira sukulu, n'kumandithokoza pakhomo la tchalitchi. Ndinkangogwedeza mutu.

Atamaliza Sitandade 10 anaitanidwa kukayesedwa kusukulu ya zachipatala. Masabata amenewo ndikamva lole ikutsika phiri, ndinkathamangira panja. Ndinkasiya duka langa la nsalu lotsegula kukaima pamsewu.

Anatsika onse atatu, ndi mabokosi awo. Zolemba anakhoza. Kenaka woyesa anawapatsa makina ngati aja kuti ayang'ane dontho la magazi. Yohane sanadziwe pogwira. Danieli anaswa kagalasi. Woyesa anawayamikira Chingerezi, n'kuwauza kuti odwala safuna ndakatulo. Mnyamata wa ku Lituhi, wa kusukulu yonunkha ija, anamutenga.

A Haule sanatukwane. Anabwera ku duka, anandiyang'ana, anati, "Mzee, munadziwa liti?" Ndinawauza zoona. Anatuluka, ndipo mpaka imfa yawo nsalu ankakagula kutali, ku Ndumbi.

Tsono inu amene mukusankhira mwana sukulu, musayese ndi makutu monga ndinachitira ine. Funsani kuti omaliza pamenepo akugwira ntchito yanji. Mukawapeze, muwafunse zimene anakasowa atafika kukoleji. Yang'anani manja a ana, osati makolala. Chokhoma chilichonse muuze mwana, osati mphunzitsi, achitsegule ndi kuchigwiritsa ntchito inu mukuona. Ndipo mwana wanu akakuuzani kuti zinthu sizili bwino, nyamukani tsiku lomwelo, manyazi muwasiye pakhomo.

Zimene zinatayika ndi izi. Zaka ziwiri za anyamata atatu. Mbuzi zisanu ndi imodzi za mkazi wamasiye. Mnzanga mmodzi. Petulo analowera kuminda ya khonje kunyanja yamchere, sanabwerenso. Danieli anakalamba m'bwato la bambo ake. Yohane anandisunga mpaka lero, amandipatsa ulemu wonse, koma za sukulu ya ana ake sanandifunsepo ngakhale kamodzi.