Nkhope ya Apongozi Anga

Kwathu ndi ku Dedza, koma boma linanditumiza ku Karonga kukagwira unamwino, ndipo ndinakwatiwa komweko ndi mwamuna wachinkhonde. Nditangolowa m'banja, azilamu anga anandipatsa lamulo lalikulu: mtengwa saonana ndi apongozi ake aamuna. Akatulukira uku, iwe tembenuka, funda chitenje kumutu, lowa m'nthochi. Ndinaseka, chifukwa apongoziwo kunalibe n'komwe. Anawoloka mtsinje wa Songwe kalekale kukathyola tiyi ku Tanzania, monga ankachitira amphawi ambiri akumeneko. Kamunda kawo ka mpunga sikankakwanira kudyetsa ana.

Koma masiku amenewo munthu wochokera ku Tanzania ankatchedwa chigawenga, ngakhale abwere ndi bulangete lokha. Ambiri akagwidwa sitinkawaonanso.

Apongozi aakazi atamwalira, bambowo anabwera kudzaika mkazi wawo, ndipo wina wapakamwa anakawanenera kuchipani. Tisanapite kumanda, galimoto inaima pamsewu, munatsika anyamata achipani anayi ndi mkulu wawo. Amuna pamaliropo anali ambiri, koma atafunsidwa za bambowo, onse mwadzidzidzi anakhala osamva Chichewa. Ine anandipeza ndikudutsa pabwalo ndi ndowa ya madzi. Mkuluyo atamva kalankhulidwe kanga, nkhope yake inawala.

"Mlongo, inu ndinu akwathu, komanso mumadya za boma. Tilozereni apongozi anu."

Mtima wanga unawira. Ukwathu wake uti wobwera nawo pamaliro a eni?

"Bwana, funsani aliyense mwambo wa kuno. Nkhope ya apongozi anga sindinaionepo, ndipo sindidzaiona."

"Ntchito yanu mukuifunabe kapena ayi?"

"Ndikuifuna. Nanga ndiloze aliyense kuti musangalale?"

Mkuluyo anazungulira pabwalo ponse, akufunsa makadi achipani, akutukwana. Azimayi anakweza nyimbo ya maliro mpaka mawu ake anamira. Anachoka chimanjamanja, ndipo mwezi usanathe ndinasamutsidwira ku kachipatala ka kumapiri, kosafika galimoto. Sindinapepese kwa aliyense, ndipo mpaka lero sindidandaula.

Zoti nkhope yawo sindinaione n'zoona. Koma amene amathawa munthu tsiku lonse amadziwa pamene munthuyo wakhala kuposa wina aliyense. Nthawi yonse imene mkuluyo ankandiopseza, apongozi anali pansi pa mtengo wa mango, mapazi ochepa kumbuyo kwanga, ndipo ndinkawamva akukhosomola chapansipansi. Madzulo ake anaika mkazi wawo ndi manja awo.