Makina a Magetsi ndi Munda wa Amayi

Matenda a mapointi anandipatsira ndi mnzanga wina, namwino ngati ine, pachipatala chimene ndimagwira ntchito ku Lilongwe. Tsiku lina tikumwa tiyi anandionetsa pafoni mmene amachitira. Ukafuna kugula katundu m'masitolo a pa intaneti a ku Joni, sulowa mwachindunji ayi. Umayamba wadzera patsamba la kampani ya ndege, tsambalo n'kukulozera ku sitoloko. Katundu yemweyo, mtengo womwewo, koma poti wadzera khomo limenelo amakupatsa mapointi, ndipo akachuluka umasinthanitsa ndi tikiti ya ndege. Katunduyo amabwera ndi anyamata a mathiraki.

Ine ndege ndinali ndisanakwerepo. Ndinakulira kuseri kwa Golomoti, kumene ndege timangoiona ili kadontho kumwamba, phokoso likubwera m'mbuyo. Kopita kwenikweni ndinalibe, ndinkangofuna kuti nanenso ndidzanene kuti ndinakwera. Ndinayamba kugulira anzanga a pawodi nsapato, mawigi, mafoni, iwo akulipira, mapointi akugwera kwa ine. Ndinkadziyesa wochenjera zedi. Munthu akandiuza kuti wagula ketulo m'tauni ndinkamuyang'ana ngati wotaya madeya nkhuku zili ndi njala, ndipo ndinkamuuza, chifukwa pakamwa panga sipachedwa.

Ndili ndi mng'ono wanga mmodzi yekha. Ine ndili kusukulu ya unamwino, iye ndi amene anatsala pakhomo kudwazika amayi mpaka tsiku limene anatisiya. Amayi anasiya kamunda ka mpunga m'sikimu ya Bwanje, ndipo mng'ono wangayo ndiye ankalima. Nthawi yokolola ankakweza thumba pa minibasi, n'kundiimbira kuti ndikalandire kudepoti. Ankasokanso zovala. Anaphunzira kwa mayi wina wa ku Mtakataka, ndipo ankasokera pamakina a mayiyo eni ake akapita kukadya.

Atapeza banja ndinamuimbira kuti anene mphatso imene akufuna. Anazengereza, monga achitira iye, mpaka ndinamukalipira kuti mayunitsi anga akutha.

"Ngati mungakwanitse, asisi, makina osokera. Akuda aja, opalasa ndi mapazi. Olo akhale akale, bola akuyenda."

Makina amenewo ankagulitsa m'sitolo ina imene ndinkadutsa tsiku lililonse popita kuntchito. Koma m'sitolomo munalibe mapointi. Sabata yomweyo patsamba lija panabwera chilengezo chakuti katundu wa magetsi ali ndi mapointi ochuluka kuposa masiku onse, mpaka Lamulungu basi. Ndinafufuza, ndipo ndinawapeza makina osokera oyera, a mabatani, okhala ndi kanyale kounikira singano. Nditaphatikiza mapointi ake ndi amene ndinali nawo, tikiti inkakwanira.

Ndisanamizire kuti sindinkadziwa. M'nyumba imene mng'ono wanga ankakhala ndinabadwiramo ine, ndipo mawaya a magetsi amathera kumsewu waukulu, kutali ndi mudzi wathu. Ndinadziuza kuti magetsi adzafika tsiku lina. Ndinadziuzanso kuti makina oyerawa ndi odula kuposa akuda aja, ndiye munthu angadandaule bwanji? Ndinadina, n'kulipira.

Pa tsiku la mphatso amayi a m'mudzi anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, kutentha kwa kwathu kuli pachimake. Woyendetsa mwambo atakuwa kuti mphatso iyi yachokera kwa achemwali a ku Lilongwe, nthungululu zinamveka katoni isanatsegulidwe. Mng'ono wanga anatulutsa makinawo, anasuzumira m'katoni kufuna chopalasira, n'kupezamo chingwe. Anachigwira kanthawi, kenaka anachikulunga bwinobwino padzanja, n'kubwera kudzandigwadira.

"Zikomo, asisi. Mwandilemekeza."

Azakhali athu anawasisita makinawo n'kunena kuti awa ndiye a anthu ophunzira. Ndinamva kukoma, ndisabise. Alamu anga, mwamuna wa mng'ono wangayo, ndi mmisiri wa matabwa wosalankhulalankhula. Madzulo ake anawazungulira makinawo, anawerenga kachipepala kakumbuyo, n'kundifunsa ngati amadya moto wambiri. Ndinayankha kuti pang'ono chabe, ngakhale sindinkadziwa.

Ndege ndinakwera mwezi wotsatira. Anandiika mpando wapakati, pakati pa bambo wogona ndi mayi wokhosomola, ndipo zenera ndinkaliona podutsa pamphuno pa bamboyo. Makutu anandipweteka, chakudya chinali choti mwana wa sukulu ya mkaka angalire nacho. Ku Joni ndinakhala masiku ochepa kwa m'bale wa mnzanga uja, mvula ikunditsekera m'nyumba, n'kubwerako. Zithunzi ndiye ndinajambula zambiri. Mng'ono wanga anazionera pafoni ya mphunzitsi wina, n'kundiimbira akuseka ndi chimwemwe kuti mwana wa amayi wafika kumitambo.

Nyengo yokolola itafika mpunga unabwera pa minibasi monga kale, koma kathumba kake kanali kochepa. Ndinaimba foni nditakwiya.

"Kodi ukwatiwu wayamba kukuphunzitsa umbombo? Mpunga umenewu ndidye ine kapena mphaka?"

Anaseka, n'kunena kuti mbalame zinavuta chaka chimenecho. Ndinakhulupirira msanga, chifukwa kufunsa zambiri sindinkafuna. Za makina sindinamufunsepo ngakhale kamodzi, ndipo akayamba kuzitchula ndinkati wodwala akundiitana.

Chaka chotsatira ndinapita kumudzi anthu akukololanso. Ndinatsika pa Golomoti n'kukwera kabaza, ndipo ndinamuuza wakabazayo kuti adzere kusikimu ndikaone munda. Ndinkayembekeza kupeza mng'ono wanga atawerama ndi chikwakwa. M'malo mwake ndinapeza anthu achilendo akumweta, ndi bambo wina wovala chipewa akuwalamula atakhala pathumba. Ndinalumpha panjinga isanaime bwino.

"Inu, mukutani m'munda mwa eni?"

Bamboyo sanadzuke n'komwe. "Eni ake anatibwereka, mayi. Chaka chachiwiri chino. Kafunseni kunyumba."

Kunyumba ndinayamba kuona sola padenga, kenaka ndinamva kulira kwa makina. Mng'ono wanga anali pakhonde akusoka, chingwe chikuchokera pazenera. M'kati, pakona pamene pankakhala mkeka wa amayi, panali batire lalikulu ndi kabokosi kosandutsa moto wa dzuwa kuti ukhale wa makina. Anandilandira, anandipatsa madzi, ine ndisanakhale pansi ndinafunsa za munda.

Anayankha ndi alamu. Anati bambo wa chipewa uja ndi wogula mpunga, ndipo ndi amene anawagulira sola, batire ndi kabokosiko, iwo n'kumupatsa munda kuti alime zaka zingapo. Analankhula mosadandaula, ngati akufotokoza za chitseko chimene wakhoma.

"Makina aja akanangokhala m'katoni, alamu, anthu akanati sitiyamika. Mudzi wonse unaona."

Ndinafunsa chifukwa chimene sanawagulitse n'kugula akuda aja, ndalama zotsalazo n'kugulira nsalu. Mng'ono wanga anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Kugulitsa mphatso ya asisi? Ine?"

Zina ndinazitola pang'onopang'ono tikusenda nthochi. Makinawo amayenda bwino dzuwa likaswa mtengo, koma kukachita mitambo amangolira n'kuima. Nthawi ya Khirisimasi, pamene aliyense amafuna diresi latsopano, ndi pamenenso mvula imagwa, ndiye makasitomala ambiri amabwerera kwa mayi wa ku Mtakataka uja. Mpunga umene ananditumizira, umene ndinamunyozera uja, anachita kugula kwa bambo yemweyo, wochokera m'munda mwa amayi athu. Ndipo batire linali litayamba kufooka. Bamboyo anali atanena kale kuti agula lina ngati amuonjezera zaka.

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ndinati batire ndigula ine, ndipo makina akuda aja ndiwatumiza mwezi ukatha, asaonjezere chaka ngakhale chimodzi. Alamu anaweramitsa mutu n'kunena kuti anagwirana kale chanza ndi bamboyo pamaso pa anthu sabata yathayo. Kenaka anawongola msana, munthu wosalankhula uja, n'kuyamba kundithokoza.

"Ife tinkadziona ngati anthu a tochi mpaka kufa. Inu munationa kuti tingakhale ndi magetsi. Onani, ana a m'mudzi muno amadzatchajitsa mafoni kuno."

"Ndinawauza amayi amene timapemphera nawo kumphakati," anatero mng'ono wanga, "kuti asisi anga anandigulira makina odula chonchi, n'kutsalanso ndi zokwerera ndege. Sanakhulupirire."

Mawu anali pakamwa. Ndikanangonena kuti ndegeyo anandikweza ndi makina akowa, kuti sindinasankhe iwe, ndinasankha mapointi. Ine amene ndimakalipira madokotala osaphethira, ndinangoti, "Musathokoze, n'zazing'ono."

Mng'ono wanga anadzuka n'kukatenga tepi, akuti dzuwa lisanapendeke andisokere bulauzi ndi nsalu imene anandisungira. Anandiimika pakati pa khonde, anandikweza manja, n'kuzunguliza tepiyo pachifuwa panga. Mutu wake unali pansi pa chibwano changa, ndipo ndinaona kuti wayamba imvi, mwana amene ndinkamubereka kumsana. Anayang'ana manambala, anamasula, n'kuyezanso.

"Pumani bwino, asisi," anatero. "Mukundisokonezera muyezo."