Bambo Eston Nkhambule ndi Buku la Nambala 23

Bambo Eston Nkhambule, amene tinawaika m'manda mwezi watha ku Wigston, anabadwira ku Bawi m'boma la Ntcheu. Ali mwana ankayenda mtunda wautali kupita ku Misa, ndipo atakula anaphunzitsa kupulayimale zaka khumi ndi zisanu. Kuno ku Leicester anabwera potsatira akazi awo, Mayi Maureen, omwe anapeza ntchito ya unamwino. Mumpingo mwathu tinkawadziwa ngati munthu wofika msanga kudzayala mipando, kenako n'kukakhala kumbuyo.

Uphunzitsi sunatheke kuno. Analowa ntchito mulaibulale ya yunivesite ina, yotsegula makatoni a mabuku atsopano ndi kuwadinda. Makatoni ena ankachokera ku Jeremani. Chijeremani sankachimva, koma mabuku ambiri a akatswiri akumeneko amatuluka motsatizana, lililonse ndi nambala yake pamsana. Manambalawo ankawayang'ana monga mwini khola amayang'anira mbuzi zikamalowa.

Tsiku lina anaona kuti pa mabuku a mbiri ya mamishoni mu Africa, pambuyo pa 22 pabwera 24. Anauza Dave, mkulu wawo. Dave anati asavutike, mabukuwo alibe owabwereka, ndipo komiti yogula mabuku ikufuna kusiyiratu kuwaitanitsa.

Patapita miyezi kunabwera Uchizi, mtsikana wa ku Karonga amene ankalemba za amishoni oyamba kumpoto kwa nyanja. Buku limene ankalifuna linali 23 lomwelo. Malaibulale ena a kuno analibenso, kwa osindikiza linali litatha, ndipo viza yake inatsala ndi miyezi inayi. Popanda bukulo, zaka zitatu za maphunziro zikanangopita pachabe.

Bambo Nkhambule anapempha kukalankhula kukomiti. Mayi Maureen anawakumbutsa kuti kontirakiti yawo ikutha chaka chomwecho, ndipo otsegula makatoni salowa m'misonkhano ya akuluakulu. Bambo Nkhambule anapemphera, n'kuvala jekete lawo la kutchalitchi. Kukomitiko anafotokoza za Uchizi ndi za ena asanu ndi mmodzi amene anadzafuna bukulo n'kubwerera osathandizidwa.

"Ine zolembedwamo sindizimva," anatero. "Koma kwathu mbewu sitikazinga chifukwa choti mvula yachedwa."

Komiti inalamula kuti bukulo lisakidwe. Linapezeka kwa wogulitsa mabuku akale ku Leipzig ku Jeremani, ndipo mabuku a mbiriwo anapitiriza kubwera, ngakhale ena ambiri anasiyidwa. Uchizi anamaliza. Kontirakiti ya Bambo Nkhambule sinawonjezedwe. Chifukwa chake sitichidziwa, ndipo iwo sanalole kuti tinene munthu. Anakagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Oadby mpaka miyendo inakana.

Bambo Nkhambule atadwala, Uchizi, yemwe tsopano ndi mphunzitsi ku Nottingham, anabwereka bukulo n'kudzawawerengera, akumasulira m'Chichewa. Munali mayina a midzi, a opalasa bwato, a amayi oyamba kubatizidwa. Bambo Nkhambule anamvetsera maso ali chitsinzire.

"Kani ndinkanyamula anthu akwathu m'makatoni muja," anatero. "Pitiriza, mwanangu. Usadumphe dzina."

Anawerenga masana atatu mpaka tsamba lomaliza. Lachinayi m'mawa, atalandira Ukaristia, Bambo Nkhambule anapuma mwamtendere, dzanja lawo lili m'dzanja la Mayi Maureen. Ambuye awapatse mpumulo wosatha.