Dzina loti kwawo kulibe

Ndinapita ku Mangochi ndi mtima woti ndikukathandiza. Sindinaganizepo kuti ndikakhala ndikuchita nsanje ngati mkazi wa pamitala.

Kwathu ndi ku Chipata, m'dziko la Zambia. Ndinaphunzira zauphunzitsi, koma ntchito inachedwa kutuluka, ndipo ndinatopa nako kukhala pakhomo kumathandiza mayi kugulitsa zitenje. Azimayi a kumpingo kwathu ankadziwana ndi anzawo a ku Malawi amene ankasamala atsikana panyumba ina kunja kwa boma la Mangochi, cha kumsewu wopita ku Makokola. Atsikanawo ena anali amasiye, ena anachotsedwa m'mabanja amene anawalowetsa akadali ana, ena anachita kuthawa nkhanza kwawo. Kunkafunika munthu wowathandiza maphunziro akaweruka kusukulu, wopanda malipiro, wongodya ndi kugona pomwepo. Ndinadzipereka.

Sindinkadziona ngati mlendo. Mayi anga ndi a ku Mchinji, Chichewa ndinachita kuyamwa, khungu ndi lomwelo. Ndinkati ndikangofika atsikanawo andiona ngati mkulu wawo. Koma ndinapeza kuti akakhala paokha amalankhula Chiyao, chimene sindinkamva ngakhale pang'ono. Ndiye ine ndikatsegula pakamwa, ka Chinyanja ka kwathu kankatulukira. Ndikati "manje" m'malo mwa "tsopano", kapena "nifuna" m'malo mwa "ndikufuna", ankagwirana mapewa n'kumaseka mpaka misozi. Pasanathe sabata anali atandipatsa kale dzina: anti a ku Zambia.

Pamalopo ndinapezapo wodzipereka mnzanga, mtsikana wachizungu wochokera ku Ulaya, wamng'ono kwa ine. Dzuwa la ku Mangochi linali litamufiiritsa nkhope ndi khosi, tsitsi lake lili ngati ndevu za chimanga. Ameneyu atsikana ankamuitana kuti achemwali. Ine anti, iye achemwali. Poyamba sindinazitengere, koma m'kupita kwa masiku ndinaona kuti mayina awiriwa si ofanana kutalika kwake. Anti ndi amene umamuuza kuti sopo watha. Achemwali ndi amene umakhala naye pamphasa n'kumamunong'oneza.

Tinkagona chipinda chimodzi, aliyense m'neti mwake. Anali munthu wabwino, ndipo chimenechi n'chimene chinkandipweteka kwambiri. Akanakhala wonyada ndikanapeza pomugwira. Koma ankadzuka limodzi ndi ife m'mamawa, kusesa pabwalo, kupita kumjigo, kugawa phala. Akasenza ndowa pamutu, theka la madzi n'kutayikira m'njira, atsikana ankamuombera m'manja ngati wachita zodabwitsa. Ine ndasenza madzi moyo wanga wonse, palibe amene anandiomberapo m'manja. Akalonjera m'Chiyao chake chopindika kuti "Ajimwiche uli?", bwalo lonse linkasangalala, wina n'kuthamanga kukauza anzake kuti bwerani mudzamve. Ine nditayesa mawu omwewo, kamtsikana kena kanandikonza nkhope ili gwa, ngati ndalakwitsa samu.

Masana akaweruka tinkawagawana pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinkaphunzitsa masamu, iye Chingelezi ndi nyimbo. Gulu langa linkangosuzumira kwa iye. Loweruka, tikatha kuchapa, inali nthawi yolukana tsitsi. Ankalimbirana mutu wake mpaka kukangana, tsitsi loterera loti ukaluka limamasuka lokha. Langa, loti limagwira bwinobwino, palibe ankalikhudza mpaka amatroni atalamula wina.

Amatroniwo anali mayi wachikulire, wamasiye, wa tsidya la kum'mawa kwa nyanja, wosalankhula zambiri. Tsiku lina nyengo yotentha itangoyamba anandiitana kukhonde. Pambali pawo panali mayi wa ku ofesi yoona za ana, ndi mtsikana atakhala pansi, atazyolika, kathumba ka pulasitiki kali pamiyendo.

"Anti, uyu wachokera ku Namwera," anatero amatroni. "Ndi woyembekezera. Ndikumupereka m'manja mwanu. Kusikelo muzipita naye ndinu."

Anali kamwana, mwina wa zaka khumi ndi zisanu. Masiku oyamba sankayankha munthu. Ukamufunsa ankangoyang'ana zala zakuphazi. Mzungu uja anayesa nyimbo, anayesa masewera ake, koma ayi ndithu. Ndiyenera kunena kuti zimenezi zinandisangalatsa. Apa pokha panali munthu amene sanatengeke naye.

Ndinkapita naye kusikelo pa kabaza, iye patsogolo ine m'mbuyo, ndikukuwira wopalasa wake kuti ayende pang'onopang'ono m'mabampu. Miyendo ikatupa ndinkamuthowa ndi madzi ofunda. Ankalakalaka mango aawisi othira mchere, ndipo ndinkamugwetsera ndi nsungwi atsikana ena asanaweruke. Pamzere wa kusikelo mpamene anayamba kulankhula nane, m'Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. Anandiuza za bambo amene anamukwatira, wogula fodya wowoloka malire kupita ku Mozambique, wamkulu kuposa bambo ake omubereka. Anandiuza za azakhali ake amene anamuperekeza okha kunyumba ya bamboyo atanyamula kathumba komwe kaja. Sankalira pofotokoza. Ankalankhula ngati akunena za munthu wina. Ine ndinkamvetsera, mumtima ndikuti uyu yekha ndi wanga.

Matenda anamuyamba m'mawa tikusesa. Ndinangoona wagwira tsache ndi manja onse, waima chilili. Amatroni anaimbira bambo wina wa galimoto, ndipo ine ndinapita naye kuchipatala monga gadiyani. Ndinanyamula beseni, zitenje, kapoto ndi makala. Ululu utakula anandigwira mkono n'kundilowetsa zikhadabo, akuitana mayi ake m'Chiyao. Mayi akewo anamwalira kalekale, ndiye amene ankayankha ndinali ine. Anachira dzuwa litapendeka, mwana wamkazi. Azamba atamukulunga, woyamba kumulandira ndinali ine. Kanali kopepuka ngati mtolo wa thonje, kakamwa kakufunafuna. Ndinakaphikira mayi wake phala kumalo ophikira magadiyani, ndinachapa nsalu zamagazi, ndinagona pansi pafupi ndi bedi lake. Azimayi anzanga kumeneko ankandifunsa ngati ndi mng'ono wanga, ndipo ndinkavomera.

Mawa lake kunabwera mzungu uja ndi moni wa atsikana onse. Anatulutsa kachipewa kamene analuka yekha, kokhota, mbali imodzi yaitali kuposa inzake. Atamuveka mwana, kanamutsekera diso limodzi. Mtsikana uja anayang'ana mwana wake, anayang'ana mzunguyo, kenako anaseka. Anaseka mpaka kugwira pamimba chifukwa cha ululu. Miyezi yonse ija ndinali ndisanamvepo kuseka kwake. Ndinatenga beseni n'kutuluka ngati ndikukatunga madzi.

Titabwerera kunyumba, nkhani inali ya dzina. Amatroni anati tidikire mchombo ugwe, ndipo mwini mwana ndiye adzatchule, poti achibale panalibe. Atsikana anayamba kundiseka: "Anti a ku Zambia, mwapeza mnzanu wa dzina!" Ndinkawakalipira mwabodza kuti asiye zimenezo, koma mumtima ndinali nditalandira kale. Ndinafika mpaka powauza mayi pafoni kuti mwina ku Malawi kuno ndisiyako dzina.

Tsikulo tinaphika mpunga ndi chambo, thobwa ali m'ndowa. Ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi. Tinakhala pansi pa mango paja, mwana ali m'manja mwa amatroni.

"Tiuze, mwana wanga," anatero amatroni. "Mlendoyu timuitane kuti ndani?"

Mtsikana uja anazyolika monga mwa chizolowezi chake, n'kutchula dzina la mzungu uja. Analitchula molakwika, mmene onse ankalitchulira, koma aliyense anamva.

Nthungululu zinalira. Mzunguyo anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu, n'kukagwada kukumbatira mayi ndi mwana yemwe. Atsikana anamuzungulira akuvina. Inenso ndinaimba nthungululu, poti anthu ankandiona. Mpunga uja ndinangoutosatosa. Anthu asanamalize kudya ndinasonkhanitsa mbale n'kupita nazo kuseri kwa khitchini.

Amatroni anandipeza komweko.

"Anti, mbale imeneyo yayera kale."

"Ili ndi mafuta, amayi."

Anaima pang'ono akundiyang'ana. "Zakupwetekani."

"Ayi, amayi. Dzina ndi la mwini mwana."

"N'zoona," anatero. Anatola mbale ina n'kuyamba kutsukuluza.

Madzulo ake kuchipinda mzungu uja anali asanasiye kusangalala. Anandiuza m'Chingelezi kuti sakumvetsa chifukwa chake asankha iye, pamene ntchito yonse ndinagwira ndine. Ankanena ndi mtima woona. Ndinamuyankha kuti asadandaule, dzina lake ndi lokoma. Anaimbira makolo ake pafoni kuwauza, ndipo ndinamva mayi ake akufuula ndi chimwemwe kutsidya kwa nyanja zonsezo. Ine mayi anga atandifunsa za dzina lija ndinangoti mwana ali bwino, akuyamwa.

Kwa masabata angapo dzinalo silinkatuluka pakamwa panga. Ndinkangoti kamwana, kapena mlendo. Ntchito yomusambitsa inali yanga ndithu, chifukwa mayi wake ankaopa kuti amugwetsa. Tsiku lina tili awiri pabeseni, ine ndikuthira madzi iye atagwira thaulo, ndinalephera kupirira.

"Iwe, tandiuza. Dzina lija unaliganiza bwanji?"

Anatambasula thaulo lija pamiyendo pake. Kenako anati, "Anti, mwakwiya?"

"Sindinakwiye. Ndikungofunsa."

"Dzina lanu ndi labwino," anatero. "Koma kwathu liliko. Kusukulu kwathu analiko awiri, wina wogulitsa mandasi pamsika ndi yemweyo. Ine ndimafuna dzina loti kwathu kulibe. Akadzamva, asadzaganize kuti mwanayu ndi wawo."

Ndinamupatsa mwana kuti amupukute. Ndinamvetsa bwinobwino zimene ankanena, ndipo ndikanakhala iye mwina ndikanachita chimodzimodzi. Koma kumvetsa sikunachotse kanthu. Ndinangoona kuti chimene ndinabwera ndikunyadira, choti ndine wofanana nawo, n'chomwe chinandimanitsa. Ndinali mlendo wokwanira kusekedwa, koma osati wokwanira kupatsa mwana dzina.

Mvula itayamba, nthawi ya mzungu uja inatha. Tsiku lonyamuka atsikana analira ngati pamaliro, ena kuthamangira galimoto mpaka kumsewu waukulu. Mzunguyo anandikumbatira n'kundisiyira nsapato zake ndi tochi. Ndinamusowa, zimenezo sindingakane, chifukwa chipinda chinakula ndipo panalibenso wocheza naye za kunja kwa mpanda uja. Komabe ndinkayembekeza kuti tsopano atsikana atembenukira kwa ine. Anatembenukadi pang'ono. Loweruka mtsikana wina ankabwera yekha kudzandiluka. Koma akamaluka nkhani inali ya achemwali: kodi afika, kodi kwawo kukuzizira, kodi akutikumbuka.

Mtsikana wa ku Namwera uja anabwerera kusukulu teremu yotsatira. M'mawa ankayamwitsa, n'kuvala yunifolomu, n'kundisiyira mwana. Ndinkamubereka kumsana pophika, posesa, popita kumsika kukagula usipa ndi tomato. Azimayi a pamsika ankandifunsa dzina lake, ndipo ndikatchula ankati, "Dzina lachilendo bwanji, bambo ake ndi a kuti?" Pofotokoza kawirikawiri m'pamene lilime langa linazolowera. Mano ake oyamba anamera ali kumsana kwanga, malovu ake ali pakhosi panga.

Ntchito yanga itatuluka ku Chipata ndinanyamuka mwana akukwawa. Atsikana anandiimbira nyimbo, amatroni anapemphera, ndipo mayi wa mwana uja anandinyamulira chikwama mpaka pokwerera minibasi. Analira mwakachetechete, akupukuta ndi nsonga ya chitenje. Palibe amene anathamangira minibasi. Ndinayang'ana m'mbuyo kuti ndione, ndipo ndinadziseka ndekha kuti mpaka pano ndikuyerekezabe.

Patapita miyezi, ndili m'kalasi, foni yanga inalira. Anali amatroni, atanditumizira kavidiyo. Mwana uja anali ataima pabwalo atagwira mwendo wa mpando, kenako anausiya n'kuyenda dzandidzandi kupita kwa mayi wake, atsikana akukuwa. Pambuyo pake panali mawu ojambulidwa a mayi wakeyo. Anandilonjera mwaulemu, anandiuza kuti masamu akumuvutabe koma akuyesetsa, ndipo pomaliza anati, "Anti, ngati mumalankhulana ndi achemwali aja, muwatumizireko. Aone kuti mnzawo wa dzina wayamba kuyenda."

Ndinamutumizira ndithu. Koma ndinayamba ndaonera ndekha tsiku lonse, pa nthawi yopuma, m'basi pobwerera, ndiponso kunyumba ndi mayi anga. Ndinatumiza mawa lake.