Pepala la Lamulo Limene Ndinawerengera Amayi

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka, kenaka akuluakulu anaona kuti nzeru zanga zikufunika kwambiri kunyumba. Anandiwida. Ndinabwerera ku Biwi ndi chikwama, tayi imodzi, ndi Chingerezi chokwanira kuopsezera mzere wathu wonse. Ntchito yanga inali kudzuka dzuwa litakwera, kusewera bawo kuseri kwa owotcherera zitsulo, ndi kuwerengera anthu makalata.

Mlongo wanga, chitsirizira m'nyumba mwathu, anabadwa wosamva. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo anali asanapondepo m'kalasi. M'mawa ankaima pampanda kuonerera anzake akupita kusukulu, kenaka n'kukatsuka mbale.

Tsiku lina Amayi anabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi a kutchalitchi ndi pepala lopindapinda. Anawapatsa ndi mayi wina wa kumpoto, wokhala ku Area 18, amene amuna awo ankagwira ntchito m'boma.

"Bwana a kukoleji, tatiwerengerani," anatero Amayi. "Akuti boma lalamula kuti ana osamva ndi osaona aziphunzira. Kutsidya kwa tauni kuli sukulu yokhala ndi mphunzitsi wa chinenero chamanja. Lolemba ndikukamulembetsa. Uzimuperekeza ndiwe, poti ulibe chochita."

Mawu omalizawo ndinawamva bwino kuposa ena onse. Kuperekeza kunatanthauza kudzuka mbandakucha, wapansi mpaka m'tauni, minibasi, masana kukamutenganso. Tsiku ndi tsiku.

Ndinavala nkhope ya loya. Pepalalo ndinaliwerenga kawiri, ndi kutsokomola pakati.

"Amayi, ili si lamulo. Ndi maganizo chabe oti aphungu akakambirane. Sanavomereze."

"Ndiye kuti chiyani? Lankhula zomveka, ine si mnzako wa pabawo."

"Ndiye kuti mukapita nalo kwa ahedi akusekani. Dikirani lidutse ku nyumba ya malamulo."

"Lidutsa liti?"

"Posachedwapa. Ndizimvera wailesi."

Pamaso pa Mulungu, sindinaname. Mawu anga onse anali oona, ndipo aphunzitsi amene anandithamangitsa aja akanandipatsa malikisi. Ndinangosiya kunena kuti palibe chimene chinkaletsa munthu kukagogoda pasukulupo, pepala kaya popanda pepala. Amayi ankaopa kusekedwa m'maofesi kuposa njoka, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Nsalu ya yunifolomu anali atagula kale. Anaiika pansi pa sutikesi. Kwa masabata angapo mlongo wanga ankandikoka malaya, kuloza sutikesi, kuloza msewu. Ndinkamukwezera chikhatho kuti adikire, n'kupita ku bawo.

Aphungu sanafulumire, inenso sindinawakakamize. Patapita zaka zitatu, mayi wa kumpoto uja anakumana ndi Amayi pamaliro n'kufunsa kalasi imene mwana wafika. M'mawa mwake anatulukira kwathu. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Ndinu loya uja?"

"Ndine, Amayi."

"Valani nsapato. Mukaione njira ya kusukulu."

Ahedi sanafunse za lamulo ngakhale pang'ono. Anafunsa zaka za mwana, n'kupukusa mutu, n'kumulemba.

Mlongo wanga analowa sitandade wani ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pakati pa tiana tomulekeza m'chiuno. Ndinkamuperekeza m'mawa uliwonse osanyinyirika, ngati munthu wogwira ukaidi umene wadzigamulira yekha. Anaphunzira kulemba dzina lake. M'minibasi ankayeserera zizindikiro zatsopano pa mawondo, anthu akumuyang'ana.

Teremu yachitatu ili mkati, atatha msinkhu, m'mawa wina anakhala pakhonde n'kukana kuvala yunifolomu. Anatsitsa dzanja kuonetsa msinkhu wa anzake a m'kalasi, kenaka analikweza kuonetsa wake.

"Munyengerere," anatero Amayi. "Si ndiwe wophunzira?"

Ndinagwada patsogolo pake. Ndinali ndi zambiri zoti ndimuuze, zina zokhudza sukulu, zina zokhudza ine. Koma zaka zonsezo manja anga anangophunzira kumutuma madzi osamba ndi kumuitana kuti adzachotse mbale. Anandiyang'ana ndikugwedeza zala zopanda tanthauzo, kenaka anadzuka n'kukatenga tsache. Kusukulu sanabwererekonso.