Mkungudza wa Abambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndili mu Sitandade 4, pamene ndinaperekeza abambo anga ku munda wa mitengo wa ku Chongoni. Munali m'zaka za m'ma 1970, mwezi wa Sepitembala, chisanu cha kwathu ku Dedza chitayamba kutha mphamvu. Imeneyi ndi nyengo imene mapichesi a kuseri kwa nyumba amachita maluwa asanatulutse tsamba n'limodzi lomwe, ndipo mitengo ya m'mapiri imaphuka masamba anthete.

Abambo anagwira ntchito ya zankhalango zaka zambiri. Ankafesa mbewu za mitengo ku nazale, kuthirira, ndi kuwokera mbande m'mizere. Kenaka maso awo anayamba kuchita chifunga. Poyamba ankati ndi utsi wa moto wolusa umene ankazimitsa chilimwe chilichonse, koma chifungacho chinakulirakulira mpaka kuchipatala anawauza kuti palibenso chochita. Pofika chaka chimenecho anali atatha zaka zitatu osaona, ndipo ine, pokhala mwana wamkulu pa amene tinatsala pakhomo, ndinali wogwira ndodo. Ndinkagwira kutsogolo, iwo kumbuyo, kaya ndi kutchalitchi, kumaliro kapena kudimba. Ndisabise, ntchitoyi sindinkaikonda. Anzanga akamasewera fulaye pabwalo, ine ndinkadutsa chapatali ndikuyenda mwaukalamba, maso ali pansi.

Loweruka lina m'mawa abambo anaima pakhomo n'kutchera khutu.

"Njuchi zadzaza m'mapichesimu," anatero. "Ndiye kuti kuphiri kwafiira. Agata, lero undiperekeze ku Chongoni, ndikaone mtengo wanga."

"Mukauona ndi chiyani, bambo a Agata?" anafunsa amayi uku akusesa.

"Mwanayu ali ndi maso awiri. Andibwereka limodzi."

Amayi anatikulungira kachewere wophika ndi kamchere, n'kuika khadi ya chipani m'thumba la jekete ya abambo, chifukwa masiku amenewo munthu sunkayenda mtunda wopanda khadi, ngakhale uli wakhungu. Tinanyamuka mame asanaume.

Njira inadutsa m'madimba a kabichi ndi anyezi, n'kuyamba kukwera. Abambo ankafunsa mafunso osatha. Kodi dimba la a Gomani alima chiyani chaka chino? Mtsinje uli ndi madzi ochuluka bwanji? Ine ndinkayankha mwachidule, mtima uli ku fulaye. "Ndi kabichi basi." "Ndi madzi basi." Iwo sanadandaule. M'malo mwake anayamba kundifotokozera za mtengo umene tinkapitirawo.

Anati ali mnyamata, asanakwatire amayi, ku nazale kunabwera mbewu za mkungudza wa ku Mulanje m'kaenvelopu kakang'ono. Zomera zinali zochepa, ndipo zimene zinamerazo zinafota imodziimodzi. Mbande imodzi yokha anaitenga iwo, n'kuisunga m'chitini pafupi ndi pamene ankagona, kuithirira ndi madzi a m'kapu yawo. Itakula anakaibzala m'munda wa mitengo, pambali pa mwala wafulati ngati mphero. Chaka chotsatira gwape anadya nsonga yake, ndipo anthu onse anati wafa basi, koma unaphuka nthambi ziwiri n'kukhala mtengo wa mphanda.

"Zaka zonse ndinkadyera pamwala umenewo masana, msana nditatsamira mtengowo," anatero. "Ukauona sudzafunsa. Ulipo umodzi wokha wotero."

Tinafika dzuwa litakwera. Pa nazale tinapeza bambo wina wamtali, wovala kofia yoyera, akuthirira mbande. Anali a Saidi, amene anagwira ntchito ndi abambo kuyambira ali anyamata. Atationa anaika pansi keni yothirira.

"A Mbewe! Ndinu kodi?"

"Ndine, a Saidi. Mawu anu sanakalambe."

Anagwirana manja nthawi yaitali, akufunsana za kunyumba ndi za anzawo amene anamwalira. Koma abambo atanena kuti abwera kudzaona mkungudza wawo, a Saidi anandiyang'ana ine, kenaka anayang'ana pansi.

"Tsogolani," anatero. "Ndimalize mzere uwu, ndikupezani."

Ine ndinakula ndikudziwa kuti mtengo ndi nkhuni, kapena mthunzi, kapena chipatso. Sindinkadziwa kuti anthu akhoza kulima munda wa mitengo yoti izingokhala, anthu n'kumaiona. Titangolowa pachipata ndinaima chilili. Kunali mabulugama aatali mwakuti poyang'ana nsonga zake mpango unagwa kumutu kwanga. Makungwa ake anali kusendeka okha, m'kati muli moyera ndi mosalala ngati mwendo wa munthu. Pa mtengo uliwonse panakhomedwa kachitsulo kolembedwa dzina lake ndi dziko limene unachokera. Ndinayesa kuwerenga, lilime likupunthwa: Mekisiko, Ositireliya, Indiya. Maiko amene ndinkangowamva kwa aphunzitsi anali ataima pamaso panga, mizu yawo ili m'dothi la kwathu.

M'kati mwa mapaini munali mdima wozizira. Pansi panali pofewa ndi masamba ake ouma, moti mapazi athu sankamveka, koma kumwamba mphepo inkalira ngati mtsinje wodzaza. Titatuluka mmenemo tinafika pa jakaranda amene anali atachita maluwa mtengo wonse, ena atayoyokera pansi, njira yonse ili bii ndi mtundu uja wa nsalu imene ansembe amavala nthawi ya Lenti. Ndinachita mantha kupondapo. Ndinazindikira kuti ndayamba kulankhula monong'ona ngati ndili m'tchalitchi.

Abambo ndiwo ankanditsogolera tsopano, ngakhale ndodo ndinkagwira kutsogolo ndine. "Khotera kumanja. Pali kamlatho ka matabwa, tiwoloke. Tsopano kwera pang'ono." Nditacheuka ndinaona nkhope yawo ikuwala. Chichokereni maso awo ndinali ndisanawaonepo chomwecho.

Mwala uja ndinauona ndili patali, wafulati monga ananenera. Koma pambali pake panalibe mtengo. Panali chitsa, chachikulu ngati lichero, chofika m'mawondo, pamwamba pake patayamba kutuwa. Pamene panayenera kukhala nthambi panali thambo lokhalokha.

"Waimiranji? Tafika?" anafunsa abambo.

Ndinayang'ananso nkhope yawo ija, ndipo ndinaona kuti sindingathe. Chakumunsi pang'ono kunali mkungudza wina, wocheperapo, umenenso unali ndi kamphanda.

"Tatsala pang'ono, abambo," ndinatero. Ndinawalambalalitsa mwalawo n'kuwatsitsira ku mtengo winawo. "Ndi uwu."

Anatsamiritsa ndodo, n'kuika manja onse awiri pa thunthu. Anasisita khungwa kuchokera pansi, pang'onopang'ono, mpaka zala zinafika pa mphanda. Anagunditsa mphuno n'kununkhiza. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Wakula?" anafunsa.

"Wakula kwambiri, abambo. Nsonga yake sindikuiona n'komwe."

"Masamba ake ali bwino?"

"Obiriwira onse."

Bodza likayamba limabala lokha. Ndinawauzanso kuti m'nthambi muli chisa cha mbalame, pamene munalibe kanthu.

"Chabwino," anatero. "Ndatopa. Ndikhazike pamwala."

Iwo anayamba kufufuza ndi phazi, uku ndi uku, kuzungulira mtengo wonse. Phazi linangopeza udzu ndi timiyala. Anaima, n'kutembenuzira nkhope kumene ndinali.

"Agata, mwala suyenda."

Pamenepo ndinalira. "Anaudula, abambo. Patsala chitsa."

Anatambasula dzanja kufuna ndodo, ndipo nditawapatsa anangoti, "Ndipititse."

Anakhala pamwala paja ngati munthu wofika kwawo. Anaika manja pa chitsa n'kuyendetsa zala kuchokera m'mphepete kupita pakati, mpaka anapeza mng'alu waukulu umene ine sindinauone n'komwe. Anapala m'kati mwake ndi chikhadabo, nanunkhiza chalacho.

"Mphenzi," anatero.

"Ndi mphenzi, a Mbewe." Anali a Saidi, amene anali atafika mwakachetechete kumbuyo kwathu. "Dzinja lathali. Inaung'amba kuyambira pa mphanda mpaka pansi. Tinaopa kuti ugwera anthu, ndiye tinaudula. Macheka ndinagwira ndine. Ndakhala ndikuti ndibwere kudzakuuzani, koma miyendo imalemera."

"Inunso, a Saidi?" anatero abambo, akupukusa mutu. "Nonse awiri mwandimvera chisoni tsiku limodzi."

Kenaka anandiitana kuti ndikhale pambali pawo. Ndinkayembekeza mbama, ndipo ikanakhala yopepuka. Koma sanakweze dzanja, ngakhale mawu.

"Mwana wanga, maso anga anafa, ndinatsala ndi ako. Ukandiuza zabodza ndiye kuti wandichititsa khungu kachiwiri. Mtengo kugwa si chachilendo, ine ndagwetsapo yambiri. Koma taganiza, ndikanabwerera kumudzi n'kumauza anthu kuti mkungudza wanga uli bwino, muli ndi chisa cha mbalame. Aliyense wodziwa akanangokhala chete, kundimvera chisoni. Ndikanatsala ndekhandekha m'dziko limene kulibe."

A Saidi anapisa m'thumba n'kutulutsa kachidutswa ka thabwa kofiirira. Anati anakasunga kuyambira tsiku lodulalo. Atakaika m'manja mwa abambo, fungo lake linandifika ngakhale ine, fungo lokoma, lakuthwa, losafanana ndi mtengo wina uliwonse umene ndinkaudziwa. Abambo anakagwira ndi manja awiri pamphuno, mapewa awo akugwedezeka pang'ono.

"Matabwa ake anapita kuti?" anafunsa patapita nthawi.

"Tinapangira chitseko cha nyumba yosungira mbewu."

Abambo anaseka, misozi ili m'masaya. "Ndiye kuti ukadali pantchito. Wandiposa ine."

Tinagawana kachewere uja atatu. A Saidi atabwerera ku mbande zawo, abambo anandigwira paphewa n'kunditembenuzira kumtunda.

"Tiyambirenso. Yang'ana kuphiri. Undiuze zimene ukuona, osawonjezera, osachotsera."

"Kwafiira," ndinatero.

"Kufiira kwake kotani? Magazi ndi ofiira, katondo ndi wofiira, tomato ndi wofiira."

Ndinayang'ana. Phiri limenelo ndinkaliona tsiku ndi tsiku kuchokera pakhomo pathu, ndipo ndinali nditatolako nkhuni m'munsi mwake kambirimbiri, koma tsiku limenelo zinali ngati alibweretsa kumene. Pamene mtengo uja unachoka panatseguka malo, ndipo phiri lonse linkaonekera pamenepo, kuyambira m'tsinde mpaka ku matanthwe a pamwamba. Mitengo ya tsamba ndi mombo inali itaphuka yonse nthawi imodzi, ndipo panalibe iwiri yofanana.

Ndinayamba kufotokoza, mawu ndikuchita kuwafunafuna. Ndinati kumunsi masamba ake ndi ofiira moderako ngati chiwindi cha mbuzi. Chapakati ali ngati mapazi a mwana wobadwa kumene. Ena ali ngati uchi ukauyang'anitsa kudzuwa, ena ayamba kale kubiriwira ngati chimanga cha sabata imodzi. Mphepo ikawomba, phiri lonse limanyezimira ngati lanyowa, chonsecho mvula sinagwe miyezi isanu.

"Eya," ankatero abambo. "Eya. Pitiriza."

Ndinaona kabawi akuzungulira pamwamba pa matanthwe, ndinawauza. Ndinaona amayi atatu akutsika ndi mitolo ya nkhuni, ang'onoang'ono ngati nyerere, ndinawauza. Kenaka maso anga anafika chakumanzere, ndipo ndinazengereza.

"Nanga wasiyiranji?"

"Kumanzere kwapsa, abambo. Moto unadutsa. Kwada bii, mitengo ina yangotsala zitsa."

"Kwakukulu bwanji?"

"Ngati minda yathu yonse, kuwonjezapo ya amalume."

Anagwedeza mutu. Zinawapweteka, ndinaona, chifukwa moto umenewo ndi umene anakhala akulimbana nawo moyo wawo wonse. Koma anandifinya paphewa n'kunena kuti, "Tsopano ndaona."

Pobwerera sindinatseke pakamwa. Ndinawauza za dimba la a Gomani, kuti kabichi wa m'munsi wadyedwa ndi mbozi koma anyezi achita bwino. Ndinawauza kuti madzi a mumtsinje afika m'kakolo basi, ndipo pamchenga pali mapazi a ng'ombe. Tinafika kunyumba mmero wanga utauma. Amayi atafunsa za mtengo, abambo anayankha okha kuti unagwa ndi mphenzi, n'kuwapatsa kathabwa kaja kuti anunkhize. Za bodza langa sanauze munthu.

Ndinagwira ndodo ija zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka abambo anatisiya. M'zaka zimenezo ndinawauza zinthu zambiri zokongola, ndi zina zimene ndikanakonda kumeza: chaka chimene chimanga chinapserera chisanabereke, ndi nthawi imene amayi anadwala n'kuwonda iwo akunena kuti ali bwino. Abambo ankamva zonsezo, kenaka n'kunena chochita. Ndinaona kuti munthu ukamuuza zoona, ngakhale zowawa, umamusiyira ulemu wake woti aganize yekha ndi kulira yekha maliro ake.

Lero ndapitirira zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo matenda a shuga ayamba kundilanda maso. Zilembo zing'onozing'ono sindizionanso. Mapepala a kuchipatala amandiwerengera ndi mwana wanga wamkazi, ndipo ndimamva bwinobwino pamene mawu ake afulumira, pamene wadumpha mzere n'kunena kuti, "Palibe chovuta, amayi." Sindimukalipira. Ndikudziwa kuti n'chikondi, chifukwa chikondi chotero ndinachichitapo ndili mwana, ndipo ndikudziwanso mmene chimasungulitsira amene akuchilandira. Ndimangomugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Bwerera pamene wadumphapo, mwana wanga. Werenga zonse."