Amene Ankasewera pa Dzina la Malemu

Inu amene mumati zaka zapita, mutu unauma kale, imvani za mayi wina amene ana asukulu ankangomutchula kuti Anti a Tsache.

Anali wamasiye wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wa ana awiri, ndipo sankatha kuwerenga. Fomu ya ntchito yosesa pasukulu anamulembera ndi mlamu wake, n'kuchonga kuti amatha. Lamulo la pasukulupo linali loti wantchito aliyense azitha kuwerenga, chifukwa cha mankhwala otsukira m'zimbudzi. Zikanangodziwika, ntchito ikanatha tsiku lomwelo.

Bodza limeneli anayenda nalo zaka zisanu ndi chimodzi. Mabotolo ankawazindikira ndi fungo komanso mtundu wa chivindikiro. Akamupatsa pepala ankati waiwala magalasi, magalasi oti sanagulepo chibadwire. Akangomva kuti ahedi akumufuna, ankaganiza kuti bodza lija laululika.

Kumapeto kwa khonde kunali chipinda cha matabuleti, timakompyuta ta m'manja tophunzirira ana. Mwini chipindacho anali mphunzitsi wina amene onse ankamutcha a Tiyesenso. Iwowa anapanga okha gemu yophunzitsa kuwerenga: zilembo zimagwa kuchokera pamwamba, mwana n'kumawakha cholondola ndi chala. Ukakhoza, nyenyezi. Ukalakwa, mawu awo amene anajambula amati, "Palibe kanthu, tiyesenso."

A Tiyesenso anadwala miyezi iwiri n'kumwalira. Jekete lawo linatsala pampando, ndipo palibe amene analimba mtima kulichotsa. Ana ankasewerabe gemuyo m'mawa, akuphunzitsidwa ndi mawu a munthu amene anamuperekeza kumanda.

Tsiku lina masana, ana ataweruka, kunja kutachita mdima wa mvula, Anti a Tsache ankapukuta fumbi m'chipindamo. Mphepo inatseka chitseko. Kansalu kake kanakhudza tabuleti imodzi, ndipo inayaka.

"Takulandira. Gwira dzina lako tiyambe."

Anali mawu a malemu aja. Anayang'ana pampando paja, jekete lili phee, manja ali lendelende. Anafuna kuthawa koma maso anabwerera pa tabuleti ija. Pasikirini panali mayina ambirimbiri, kwa iye tinyerere tokhatokha. Dzina limodzi lokha ndi limene linali ndi chithunzi pambali: nkhope ya malemu, pamene iwo ankalowera akamayesa gemu yawo. Anagwira pomwepo, poti ndi chokhacho chimene anazindikira.

Chilembo chinagwa, iye n'kuphonya.

"Palibe kanthu, tiyesenso."

Mayiyu anakhala pansi n'kulira. Chikhalire, akalakwitsa ankangomva zotukwana. Aka kanali koyamba munthu kumuuza kuti palibe kanthu, ndipo munthuyo anali wakufa.

Kuyambira pamenepo, masana aliwonse akamaliza kukolopa ankadzitsekera m'menemo theka la ola. Sizinali zophweka ayi. Zala zinali zitauma ndi tsache moti nthawi zina sikirini sinkamva, mpaka anazolowera kugwira ndi kachala kakang'ono. Gawo lachitatu analibwereza milungu itatu. Masiku ena ankatuluka mutu ukuwawa, atalumbira kuti sadzabwereranso, koma mawa lake n'kupezeka momwemo.

Chimene sankadziwa n'chakuti gemuyo inkasunga zonse. M'mawa uliwonse sikirini yaikulu ya kutsogolo inkaonetsa mayina khumi a amene ali ndi nyenyezi zambiri. Patatha miyezi isanu, pa nambala teni panatulukira dzina la malemu.

Mphunzitsi amene analowa m'malo mwawo atafufuza, anapeza kuti malemu akhala akusewera tsiku lililonse la sukulu, folo koloko masana, kuyambira mwezi umene anaikidwa m'manda. Chimene chinamudabwitsa kwambiri n'chakuti malemuwo anayambira pa zilembo zoyambirira, akulakwitsa ngati mwana wongoyamba kumene. Alonda nawo anawonjezera kuti akamafika pantchito amamva mawu a malemu kuseri kwa chitseko, akuti tiyesenso, tiyesenso. Sananame, kungoti mtima wotsegula chitsekocho analibe.

Sabata yotsatira dzina lija linakwera kufika pa nambala seveni. Ana anayamba kukana kulowa m'chipindamo, makolo n'kubwera ndi mkwiyo. Ahedi analamula kuti Lachisanu kubwere katswiri wa makompyuta adzafufute gemuyo, mawu ndi zonse, chipinda chitsekedwe.

Anti a Tsache anazimva akukolopa pakhonde, poti anthu salabadira wosesa akamayankhula. Masiku atatu anakhala akulingalira chochita. Akakhala chete, ntchito ikhalapo, koma gemu imene yamutsegula maso ifafanizidwa chifukwa cha iye, ana ena osaionanso. Akaulula, ana ake adya chiyani?

Lachisanu katswiri anatsegula laputopu yake, aphunzitsi ndi makolo ataunjikana pakhomo, aliyense akuopa kuyandikira mpando uja. Mayiyu anadutsa pakati pawo, chidebe chili m'manja.

"Pepani ahedi, si malemu ayi. Ndine."

Anafotokoza zonse, za chithunzi chija, za fomu, za mlamu wake. Nkhope ya ahedi sinasinthe.

"Ndiye kuti zaka zonsezi munatinamiza, mayi?"

"Ndinanama, bwana. Koma musanandichotse, ndiyeseni."

Ahedi anamupatsa tabuleti. Mayiyu anali atangofika pa gawo lomaliza, limene malemu anawonjezera atayamba kale kudwala, ndipo panalibe mwana amene anali atafikapo, poti ana ankangobwereza magawo osavuta kuti achulukitse nyenyezi. Mawu anatuluka osasa, opuma movutikira. Mayi wina pakhomo anagwira pakamwa.

"Wafika kumapeto. Kuyambira pano sindiyankhulanso. Werenga wekha."

Tabuleti inakhala chete. Pasikirini panatsala mizere iwiri. Anti a Tsache anaika kachala kaja pansi pa liwu loyamba. Anakakamira, n'kubwerera, n'kuyambiranso yekha popanda womuuza.

"Ine ndi-ma-tha ku-we-re-nga. Pa-li-be a-nga-ndi-la-nde zi-me-ne-zi."

Palibe anawomba m'manja. Ahedi anauza katswiri uja kuti atseke laputopu yake.

Kalata yochenjeza anamupatsa ndithu, poti bodza ndi bodza. Anaiwerenga yekha kawiri, akumwetulira, mpaka ahedi anamufunsa ngati wamvetsa kuti si kalata yomuyamikira.

Lero makiyi a chipinda chija amasunga ndi iye. Akusesabe, koma ana akaweruka amalowetsa akuluakulu khumi ndi awiri amene akhala akubisa manyazi omwewo. Oyamba kulembetsa anali alonda aja.

Mwina nanunso pali chimene mwachibisa zaka zambiri, mukuti nthawi yophunzira inakudutsani. Mayiyu anayamba ali ndi mantha, pa dzina la eni, ndi chala chimodzi chokha chimene sikirini inkamva. Inu muli ndi zoposa pamenepo. Yambani ndi chimene chili pafupi, mulakwitse, mubwererenso mawa. Manyazi asakutsekereni panja, ndipo mtima musautaye.